Dzina Lotsegulira Kompyuta ya Malcolm

A Jeremiya Makwinja ankadziwika m'chigwa chonse cha Domasi kuti saiwala dzina la munthu. Anaphunzitsa Sitandade 5 mpaka kupuma pa ntchito, ndipo mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwawo ankamukumbukira dzina lake, la bambo ake, ngakhalenso mlandu umene anamukwapulira. Kutchalitchi, monga mkulu wa mpingo, ndiwo ankaitana maina a ana obatizidwa osayang'ana papepala. Ankanyadira zimenezi mopitirira muyeso, ndipo tisabise, ankakonda kuseka akulu anzawo oiwalaiwala.

Tsono m'chaka cha 1998, mvula itangosiya kumene, kunabwera uthenga wochokera kusekondale kumene mwana wawo Malcolm ankaphunzitsa masamu. Malcolm anali atamwalira mwezi wapitawo, atadwala nthawi yaitali. Ahedi ankapempha kuti a Jeremiya afike ku ofesi. Iwo anaganiza kuti ndi za mabuku amene malemuyo anasiya, choncho anavala jekete yawo ya Lamlungu n'kupalasa njinga ulendo wa kusukuluko.

Ahedi anali a Nasiyaya, munthu wa ku Mulanje, amene anali asanathe chaka pamalopo ndipo za m'midzi ya kuno sankazidziwa. Anawalandira mwaulemu, kuwapepesa za maliro, kenako n'kuwalowetsa m'kachipinda kena. Mmenemo munali kompyuta, imodzi yokhayo ya pasukulupo, imene anthu akufuna kwabwino a kunja anatumiza. Pambali pake panakhala bambo wina wa ku Zomba wokonza makina otere, dzina lake Isaki, akupukuta thukuta ngati munthu amene walimbana ndi mbuzi yokana kulowa m'khola.

"Bambo Makwinja, tili pa vuto," anatero ahedi. "Makinawa ankawadziwa ndi Malcolm yekha. Pulinta yakale inafa, tagula ina, koma kompyuta ikukana kuilandira. Malo osinthira zinthu anawakiya ndi pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira, chifukwa aphunzitsi ena ankagwiragwira. Mayeso a Fomu 4 amene anataipa asanagonekedwe m'chipatala ali momwemo, okiyidwanso."

"Kuthyola loko ameneyu ndingathe," anawonjezera Isaki, "koma ndiye kufufuta zonse n'kuyambira pachabe. Ntchito yonse ya malemu ipita."

A Jeremiya anangogwedeza mutu. Za makinawa sankazidziwa ndipo sankafuna kuzidziwa. Anadabwa kuti nkhalamba yopuma pa ntchito aiitanira chiyani.

"Malcolm ndinakamuona kuchipatala ku Zomba," anapitiriza ahedi. "Ndinamufunsa, ndipo anati pasiwedi ndi dzina la mwana wake. Tayesa Karima, dzina limene aphunzitsi anzake amalidziwa, m'malemba aakulu, m'malemba aang'ono, yakana. Ndiye ndakumbukira kuti ananenanso mawu ena. Anati, mukakafunse bambo anga, ndi amene anatcha."

Koma a Jeremiya sanatchepo dzina mwana ameneyo. Ngakhale dzina lakuti Karima analimva koyamba tsiku lomwelo, m'kamwa mwa mlendo wa ku Mulanje.

Nkhani yake inali yotere. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, Malcolm anakwatira Abida, mwana wa a Idi, Msilamu wa sitolo ya nsalu pa Songani. A Jeremiya anakana ukwatiwo mwamtuwagalu. Pamene sesheni ya akulu a mpingo inkakambirana zodula Malcolm mu mpingo, iwo ndiwo anayamba kukweza mkono, kuti anthu aone kuti sakondera. Kunyumba kwa mwana wawo sanapondeko. Ngakhale pa maliro anangoona chapatali mayi wofunda mpango woyera atakhala kumapeto kwa azimayi, kamtsikana kali pamiyendo, ndipo iwo anatembenuzira nkhope kwa abusa. M'mudzi monse ankadziwa zimenezi, koma ahedi ayi.

Munthu wanzeru akanangonena kuti pepani, sindikulidziwa. Koma a Jeremiya anali ndi jekete ya Lamlungu pathupi ndi mbiri yoti saiwala. Anatsokomola pang'ono.

"Tayesani Christobel," anatero. Limeneli linali dzina la malemu akazi awo, mayi ake a Malcolm.

Isaki anadina mabatani. Kompyuta inalira kuti pii, n'kulemba mawu achizungu okana.

"Mwina Rhoda. Ndi azakhali ake amenewo."

Inakananso. Anayesa Roda wopanda h, anayesa Loda, poti anthu akuno r ndi l timangosakaniza. Ikakana kangapo inkangouma gwa, ndipo Isaki ankaizimitsa n'kuiyatsanso, onse n'kumadikira ikudzuka pang'onopang'ono. M'kudikira kumeneko munali chete woti munthu ankamva wotchi ya ahedi. A Jeremiya anatchula Tisungeni, Scholastica, Bernadette, maina a ku mtundu kwawo, kenako a m'Baibulo. Aphunzitsi awiri amene anabwera kudzasuzumira pakhomo anayang'anana n'kuchokapo mwakachetechete, ndipo a Jeremiya anadziwa kuti awiriwo akudziwa chimene chikuchitika.

"Musadandaule, bambo," anatero ahedi mokoma mtima. "Chisoni chimaiwalitsa. Pitani mukapume, likakubwererani mutiuze mawa. Isaki abweranso."

Kukoma mtima kumeneko ndiko kunawapweteka kwambiri. Akanawakalipira bwenzi zili bwino. Anatuluka mu ofesimo, njinga osaikwera, akungoikankha. Pa mlatho wa Domasi anaima nthawi yaitali akuyang'ana madzi. Anaganiza zotumiza munthu pa Songani kukafunsa mwamseri, koma atumiza yani amene sakaulula? Anaganiza zouza ahedi kuti angofufuta zonsezo. Koma anakumbukira kuti m'makina amenewo muli ntchito yomaliza ya manja a mwana wawo, ndipo mtima unakana. Chimene chinkawazunguza mutu n'chakuti Malcolm sanali wabodza. Ngati anati bambo ndi amene anatcha, ndiye kuti chilipo chimene ankatanthauza.

Anafika pa Songani dzuwa litapendeka. Msika unali ukutha, amayi a tomato akulongedza madengu. Sitolo ya a Idi ankaidziwa bwino, chifukwa zaka zonsezi ankaidutsa akuyang'ana kumbali inayo ya msewu. Tsiku limeneli anaimika njinga pakhomo pake penipeni, anthu akuona.

A Idi anali akupinda nsalu. Anakweza maso, n'kuwayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Aphunzitsi. Mwasochera kodi?"

"Ayi, achimwene. Ndabwera kudzaonana ndi mayi a mwana."

"Mayi a mwana," anabwereza a Idi, ngati akulawa mawuwo. Anawatsogolera kuseri kwa sitolo, kuwapatsa mpando pakhonde, n'kuitana mwana wawo. Kenako anabwerera ku nsalu zawo, ndipo ulemu umenewo a Jeremiya anaumva kulemera.

Abida anatuluka, n'kugwada chapatali monga achitira mkazi kwa apongozi ake. Anali wowonda, maso olowa m'kati, ndipo a Jeremiya anaona msanga kuti nayenso thanzi lake silili bwino. Anawalonjera mofatsa, kufunsa za kumudzi, za miyendo yawo imene Malcolm ankati imatupa nthawi yozizira. Ankadziwa zambiri za iwo. Iwo sankadziwa ngakhale chimodzi cha iye.

Anafotokoza za kompyuta mozungulira, za pulinta, za mayeso, za bambo wa ku Zomba. Anatalikitsa nkhani dala, poopa kufika pa funso lenilenilo. Abida anamvetsera mpaka mawu anawathera.

"Ndiye mwabwera kudzafunsa dzina la mdzukulu wanu," anatero.

"Eya."

"Akuno anamutcha Karima. Koma la kuchimuna munapereka ndinu, bambo."

"Ine sindinapereke dzina."

"Munapereka. Mwana atabadwa, asanatuluke m'chikuta, bambo ake anabwera kwanu. Anakupezani kudimba mukuthirira mpiru. Anakuuzani kuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo poti ndi woyamba, dzina liyenera kuchokera kwa inu. Mukukumbukira chimene munayankha?"

Anakumbukira. Anaona dimba lija, ndowa ili m'manja, Malcolm atanjuta m'mbali mwa bedi la mpiru, chipewa chili pabondo. Iwo sanatembenuke n'komwe. Anangoponya mawu awiri kumbuyo, n'kupitiriza kuthirira.

"Ndinati si zanga," anatero a Jeremiya, mawu ali pansi.

"Ndi lomwelo."

Poyamba sanamvetse. Atamvetsa anagwira m'mphepete mwa mpando.

"Anabwera kuno maso ali psuu," anapitiriza Abida, osakweza mawu. "Anakhala pomwe mwakhalapo mpaka dzuwa kulowa. Kenako anati, bambo apereka dzina, mwanayu ndi Sizanga. Ine ndinalira, ndinakana. Iye anati sangadumphe bambo ake ali moyo n'kukapempha dzina kwa munthu wina. Anati chimene chatuluka m'kamwa mwa bambo pa tsiku lotere ndicho dzina. Ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo, utha. Koma ankamuitana choncho mpaka tsiku lomaliza, ndipo ankaliitana mokoma, moti ine ndinafika poiwala tanthauzo lake."

Manyazi amene anagwira a Jeremiya sanali ngati a ku ofesi aja. A ku ofesi anali oopa maso a anthu. Awa anali oti ngakhale pakanapanda munthu wowaona akanawagwirabe.

Nthawi yomweyo kamtsikana kanatulukira kuseri kwa nkhokwe, kakukoka galimoto ya mawaya. Kanali ndi chipumi cha Malcolm, chimene chinalinso chipumi cha a Jeremiya. Kanaima n'kumayang'ana mlendoyo mopanda mantha.

"Perekani moni kwa alendo," anatero mayi ake.

Kanabwera n'kupereka dzanja, lina litagwira pachigongono. A Jeremiya, poti uphunzitsi sutha, anangopezeka afunsa funso limene anafunsa ana ambirimbiri.

"Dzina lako ndani?"

"Sizanga Makwinja," kanayankha momveka bwino. "Anandipatsa agogo anga a ku Domasi. Ababa anati ndi aphunzitsi aakulu."

Kananena zimenezi monyadira, chifuwa chili patsogolo, kenako kanabwerera ku galimoto yake. A Jeremiya anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Kenako analankhula, maso ali pansi.

"Mayi, ndinalakwa. Ndiloleni ndipereke lina. Christobel, dzina la agogo ake aakazi. Kapena Tisungeni. Tichite mwambo wake bwinobwino, ndibweretse nkhuku."

Abida anapukusa mutu. "Ine ndinayesa kale, maliro atangotha. Ndinafuna tizingoti Karima. Sayankha. Akuti tikasintha, ababa ake akabwera sadzadziwa momuitanira. Ndilibe mphamvu zolimbana naye pa zimenezo, bambo. Mwina inu."

Iwo analibe mphamvu zimenezo. Anapempha kuti mwina Abida alembe dzinalo pakapepala kuti akangopereka kwa ahedi. Abida anawayang'ana, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana m'maso.

"Mawa ndibwera kusukuluko, anandiitana kuti ndikatenge mabuku a malemu. Koma dzinalo mukanene nokha. Ndi lanu."

Kutacha a Jeremiya sanavale jekete. Anafika ku ofesi n'kupeza Isaki wayatsa kale makina, ahedi ali chilili, ndi aphunzitsi angapo amene mwadzidzidzi anali ndi zochita m'kachipinda komweko. Abida anali atafika, atakhala pa benchi panja, mwana akusewera pabwalo.

"Bwanji bambo Makwinja, lakubwererani?" anafunsa ahedi.

"Eya."

"Ndiye dzinalo ndani?"

"Sizanga."

Ahedi anamwetulira mwamanyazi n'kusisita manja. "Tikudziwa, bambo, kuti si zanu. Ndi zathu za pasukulu pano, ndipo takuvutitsani pa nthawi yachisoni. Koma tithandizeni chabe."

"Ndati Sizanga."

"Bambo, ana a Fomu 4 awa ndi ana anunso. Musatero."

Mphunzitsi wina anayang'ana kudenga. Wina anayamba kufufuza chinthu m'thumba mwake. A Jeremiya anaona kuti palibe amene awapulumutse, ndipo anayenera kulongosola okha, ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu amene ena mwa iwo anawaphunzitsa ali ndi mamina.

"Aphunzitsi aakulu, sindikukana kukuthandizani. Dzina la mwanayo ndi limenelo. Mwana wanga anabwera kudzandipempha dzina la mwana wake woyamba, ine ndinamuyankha kuti si zanga. Iye analandira. Dzulo ndinakunamizani, sindinaiwale. Sindinkalidziwa, chifukwa mdzukulu wangayo ndinali ndisanamufunsepo dzina."

Isaki, amene nkhani za eni ake sankafuna kulowamo, anatembenukira ku mabatani n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndi mawu amodzi kapena awiri.

"Amodzi," anatero a Jeremiya, ndipo anatchula malembawo limodzilimodzi, monga ankachitira pophunzitsa.

Kompyuta sinalire. Inangotseguka, ngati kuti sinavutepo n'kale lonse. Isaki analowa pamalo osinthira paja, kudinadina, ndipo posakhalitsa pulinta yatsopano inayamba kulira, ikutulutsa pepala la mayeso a masamu. Palibe amene anawomba m'manja. Ahedi anatenga pepalalo, kuliyang'ana, n'kulipereka kwa a Jeremiya. Iwo anaona mafunso a mwana wawo atandandalikidwa mwaukhondo, ndipo analibweza msanga poopa kulinyowetsa.

"Pano yatseguka, pasiwedi tikhoza kusintha," anatero Isaki. "Tiikepo chiyani, ahedi?"

"Ikani dzina la sukulu," anayankha a Nasiyaya mofulumira.

Zinangotenga kanthawi kochepa. A Jeremiya anaonerera zala za Isaki zikufufuta dzina lija m'makinamo n'kuikamo lina, mosavuta chotero, ndipo anamva nsanje.

Atatuluka anapeza belu la buleki litalira, bwalo litadzaza ana a sukulu. Abida anali atasenza katoni ya mabuku pamutu, dzanja limodzi litagwira katoniyo, lina litagwira chipupa, akupuma movutikira. Mwana anali patali, kumapeto kwa bwalo la mpira, akuthamangitsa ziwala.

"Ndilibe mpweya wokuwa, bambo," anatero Abida. "Tamuitanani tizipita."

A Jeremiya anayang'ana uku ndi uku. Panali ana a akulu a mpingo, ana a anansi awo, aphunzitsi atatsamira pazenera.

"Iwe mwana," anaitana. Mawu awo anamira m'phokoso.

"Karima." Mwanayo sanatembenuke n'komwe.

Abida sanawathandize. Anangoima ndi katundu wake pamutu, akudikira. A Jeremiya anatulutsa mawu aja amene kale ankamveka kuchokera ku Sitandade 5 mpaka kumsewu.

"Sizanga!"

Ana a sukulu amene anali pafupi anatembenuka, ena n'kuseka poganiza kuti nkhalambayo ikukana mlandu. Koma kumapeto kwa bwalo kamtsikana kanaima nji. Kanayang'ana kumene kwachokera mawuwo, chifukwa chimwalirire bambo ake panalibe mwamuna amene anakaitanapo choncho. Kenako kanataya ziwala zake n'kuyamba kuthamanga, kakudutsa pakati pa ana akuluakulu, manja ali m'mwamba.

A Jeremiya anagwada pafumbi kuti akalandire. Kanafika n'kuwagwira kolala ya malaya, kakupuma mwawefuwefu, n'kuwayang'anitsitsa kumaso.

"Mwalidziwa bwanji dzina langa?" kanafunsa.

"Ndine agogo ako a ku Domasi," anatero a Jeremiya. "Ndinakupatsa ndine."

"Zikomo, agogo," kanatero kamwanako.